Mau Osaduka pa Ulendo Wautali

Kucoka ku Lusaka kukafika ku Chipata pali mtunda wa makilomita ngati 570, ndipo basi imene yanyamuka m'bandakuca imakafika dzuwa litapendeka. Aliyense amene wayendapo pa mseu umenewu m'zaka zino adziwa kuti m'basimo lamya sizipuma. Wina akuuza mlongo wake kuti akamcingamire pa Katete, wina akufunsa mtengo wa nshawa ku msika, mnyamata wa ku mpando wa kumbuyo akuonera mpira, ndipo amai ena akutsatira Misa imene ikuulutsidwa pa intaneti. Onsewa akuthamanga pa liwiro la makilomita 80 kapena 90 pa ola, koma mau ao satsalira m'mbuyo.

Zimenezi tazizolowera kotero kuti sitidabwa nazonso. Komatu n'zodabwitsa ndithu. Lamya ya m'manja ndi kawailesi kakang'ono, ka mphamvu yocepa, kamene kamalankhula ndi nsanja ya pafupi, ndipo nsanja iliyonse ili ndi malire ake. Pa netiweki ya GSM, imene ambiri a ife tinayambira, nsanja wamba sitha kutumikira lamya imene ili kutali kopitirira makilomita 35, ndipo m'mizinda dera la nsanja imodzi lingakhale mamita mazana ocepa cabe. Tsono munthu amene waceza pa lamya kwa mphindi 20 basi ikuthamanga, wayenda makilomita ngati 30, ndipo mwina wadutsa m'manja mwa nsanja zingapo iye osadziwa. Kupatsirana kumeneku akatswiri amakucha handover, pamene a ku America amati handoff. Pamene kwayenda bwino palibe amene amakuzindikira. Timangokudziwa tsiku limene kwalephera, pamene mau aduka pakati pa uthenga wa matenda kapena wa maliro.

Dimba limodzi, olima ambiri

Lamya za m'galimoto zinayamba mu 1946 mu mzinda wa St. Louis ku America. Nthawi imeneyo mzinda wonse unali kutumikiridwa ndi nsanja imodzi yaitali ndi yamphamvu, monga m'mene nyumba ya wailesi imacitira. Bvuto linali lakuti mafunde a wailesi ali ngati dimba la m'mbali mwa mtsinje: ndi locepa, ndipo silikula ngakhale olifuna aculuke. Anthu awiri a m'dera limodzi sangalankhule pa mpata umodzi wa mafunde popanda kusokonezana. Motero ngakhale mu 1976 mzinda waukulu wa New York unali ndi mipata 12 yokha. Amene anali ndi lamya za m'galimoto sanafike 600, pamene ena oposa 3,000 anali kudikira pa mndandanda.

Nzeru yothetsera bvutoli inali italembedwa kale mu 1947 ndi Douglas H. Ring ndi mnzake W. Rae Young a ku Bell Laboratories. Iwo anati m'malo mwa nsanja imodzi yofuula, pakhale nsanja zambiri zolankhula motsitsa, iliyonse ndi kadera kake. Pa mapu timaderato tinajambulidwa ta mbali zisanu ndi imodzi, ngati zipinda za m'cisa ca njuci. Popeza nsanja iliyonse imalankhula motsitsa, mpata umene ukugwira nchito, tinene ku Chongwe, ungagwirenso nchito ku Petauke nthawi yomweyo, awiriwo osamvana. Dimba lija lakhala ngati lakula.

Koma nzeruyo inabala bvuto lina. Wokhala pamalo amodzi alibe nkhawa, koma woyenda amatuluka m'kadera kena ndi kulowa m'kena mau ali mkati. Ganizolo linagona m'mapepala zaka zoposa 20, pakuti kunalibe makina otha kulondola galimoto ndi kusamutsa mau ake mwamsanga. Mu 1972 katswiri wina wa pa Bell Laboratories pomwepo, Amos E. Joel Jr., analandira ciphaso ca boma comtsimikizira kuti ndiye mwini wa njira yosamutsira mau kucoka pa nsanja ina kupita pa ina popanda kuwadula. Dzina limene linachuka ndi la Martin Cooper wa kampani ya Motorola, amene pa 3 April 1973 anaimba lamya ya m'manja ali pa mseu mu New York. La Joel ndi ocepa amene amalidziwa, cikhalireco popanda nchito ngati yake lamya ya Cooper ikadakhala mbuzi ya pa cingwe, yodya udzu pokhapo pamene cingwe cafika.

Netiweki yoyamba ya mtundu umenewu inatsegulidwa ku Tokyo mu 1979, ku Chicago inafika mu 1983, ndipo GSM inayamba ku Finland mu 1991. Kuno kwathu Zamtel inayambitsa lamya za m'manja mu 1995. Inatsatidwa ndi Telecel, imene MTN inagula mu 2005, ndi Zamcell, imene inadzakhala Celtel, kenaka Zain, ndipo kuyambira mu 2010 Airtel.

Kuperekeza mlendo

Kumudzi mlendo sitingotsanzikana naye pa khomo. Timamperekeza mpaka ku malire, ndipo ngati ndi mwana kapena nkhalamba sitibwerera kufikira titaona amene amlandire tsidya linalo. Nsanja za lamya zimacita cimodzimodzi, ndipo ubwino wa nchito yonse uli m'kukonzekera kumene kumacitika mlendo asanafike pa malire.

Pamene inu muli kalikiliki kulankhula, lamya yanu imagwira nchito ina mwakacetecete. Imayeza mphamvu ya nsanja imene ikuitumikira, ndipo imachera khutu kwa nsanja zoyandikana nayo. Pa GSM imatumiza lipoti pafupifupi kawiri pa sekondi iliyonse, kuchula nsanja zoyandikana mpaka 6 zimene ikuzimva bwino koposa. Koma wogamula si lamyayo ai, ndi makina a kampani. Makinawo akaona kuti nsanja ya kumbuyo ikuzimirira ndipo ya kutsogolo ikumveka bwino, amayamba afunsa ya kutsogoloyo ngati ili ndi mpata. Ikabvomera, mpatawo umasungidwa, ndipo apo m'pamene lamya imauzidwa kuti isamuke ndi kupita pa mpata wakutiwakuti. Ikafika imadziwitsa kuti yafika, ndipo mpata wakale umamasulidwa kuti wina aulowe. Mau amangoduka kanthawi konga kuphethira kwa diso, kamene khutu silikamva kawirikawiri.

Pali njira ziwiri zopatsirana. Amene anathandizapo pa nchito yomanga chalichi adziwa m'mene anyamata amaponyerana njerwa: woponya amaitaya, ndipo kwa kanthawi njerwayo imakhala m'malere wolandira asanaiwakhe. Umo ndi m'mene GSM imacitira, lamya imasiya nsanja yakale isanagwire yatsopano. Njira yaciwiri ndi ya amai polandizana khanda: wopereka sacotsa manja ake kufikira wolandira atalifungata bwino. Njira imeneyi inabwera ndi netiweki ya CDMA, imene inayamba kugulitsidwa ku Hong Kong mu 1995, ndipo 3G inaitengera. Pamenepo lamya imalankhula ndi nsanja ziwiri kapena zitatu nthawi imodzi. Wina angaganize kuti njira ya khandayi ndiyo idapambana, koma ai. Opanga 4G anabwerera ku njerwa, cifukwa lamya yogwira nsanja ziwiri imadya mipata kuwiri konse, ndiponso kuponyerana kunali kutafulumira kwambiri mwakuti njerwa imakhala m'malere kagawo kocepetsetsa ka sekondi.

Cobvuta ceniceni ndi kudziwa nthawi yake. Mukacedwa kusamutsa, nsanja yakale imazimirira lamya isanamve lamulo lakuti isamuke, ndipo mau amagwa. Mukafulumira, lamya imafika pa nsanja imene siinayambe kuimva bwino. Ndipo pa malire enieni, pamene nsanja ziwiri zikumveka mofanana, mtengo umodzi kapena lole yodutsa ingacititse kuti ino ipambane tsopano, inzake ipambane pakapita sekondi. Pakadapanda lamulo, lamya ikadangoponyedwa uku ndi uku ngati mwana wokanidwa ndi abale. Cotero akatswiri anaika lamulo lakuti nsanja yatsopano iyenera kuposa yakale ndi mlingo woikika, ndi kukhalabe yoposa kwa kanthawi, kusamuka kusanaloledwe. Mlingo woyenera munthu wa pansi mu Kamwala si umene ungayenere basi yothamanga pa Great East Road, ndipo kupeza pakati pake ndi nchito imene amisiri a netiweki saimaliza.

Pali lamulo linanso limene ena angalione ngati tsankho. Nsanja ikayandikira kudzala, makina amakonda kupatsa mpata munthu amene wabwera mau ali kale mkati, kusiyana ndi amene akufuna kuyamba kumene kuimba. Ife tikuona kuti lamuloli ndi labwino. Amene walephera kuimba amangoyesanso, koma amene wadulidwa pakati angasiye mnzake ndi theka la uthenga, ndipo theka la uthenga wa matenda nthawi zina limabvutitsa mtima koposa kusamva kanthu. Ici ndi cimodzi mwa zifukwa zimene kuimba kumabvutira pa misonkhano ikuluikulu, monga pa Nc'wala ku Mtenguleni kapena pa Kulamba ku Mkaika, pamene khamu ladzaza dera la nsanja zowerengeka.

Buku la ubatizo ndi keyala ya mchona

Nanga lamya imene ili cete m'thumba, netiweki imaipeza bwanji wina akaiimbira? Apa Akristu sitifunika kufotokozeredwa zambiri, pakuti Mpingo wakhala ukucita zotere kwa zaka mazana. Munthu angabatizidwe ku Minga, nakalimbitsidwa ku Kabwe, nakakwatira ku Kitwe, koma malamulo a Mpingo, pa nambala 535, amafuna kuti zonsezi zilembedwe m'buku la ubatizo la ku parishi kumene anabatizidwira. Parishi ya kumene akukhala imamdziwa ndi kumtumikira, koma mbiri yake imasungidwa kwao. Pa GSM palinso mabuku awiri otere: lina la kwao kwa simukadi, losunga dzina lake ndi zimene iloledwa kucita, ndipo lina la alendo, la dera limene lamya ilimo tsopano. Lamya ikalowa m'cigawo catsopano imalembetsa m'buku la alendo, ndipo buku la kwao limauzidwa. Wokuimbirani amayamba wafunsa kwanu, kwanuko n'kumlozera kumene muli, ndipo nsanja za m'cigawoco zimaitana lamya yanu. Pa 4G ndi 5G maina a mabukuwa anasintha, koma ganizo lake ndi lomwelo.

Intaneti inabweretsa mutu wina. Pamene Zamnet inalumikiza dziko lathu ku intaneti mu 1994 kucokera pa University of Zambia, kompyuta inali cinthu ca pa tebulo. Intaneti inapangidwa ndi ganizo lakuti makina aliwonse ali ndi keyala yosonyeza pamene ali, monga bokosi la ku positi. Uthenga umadulidwa m'timaphukusi tambirimbiri, kalikonse kolembedwa keyalayo. Tsono makinawo akasamuka, keyala imasintha, ndipo timaphukusi timene tinali m'njira timakafika pa bwinja.

Yankho lake akuluakulu alikumbukira. Machona a ku migodi ndi ku mapulazi anali kusamukasamuka, ndipo a kumudzi analibe bokosi la ku positi, motero makalata anali kudzera pa keyala ya misyoni kapena ya sukulu, kumene kunali wodziwa kuti mwini kalata ali kuti. Mu 1996 akatswiri a intaneti, motsogozedwa ndi Charles Perkins, anafalitsa njira yochedwa Mobile IP, imene imagwira nchito motero: makina oyenda amasunga keyala ya kwao, ndipo kwaoko kuli wolandira timaphukusi ndi kutitumiza ku keyala yongobwereka ya kumene mwini wafika. Netiweki ya 4G, imene inatsegulidwa koyamba ku Stockholm ndi ku Oslo mu December 2009, ili ndi njira yakeyake yofanana nayo. Keyala yanu imasungidwa pa cipata cimodzi mkati mwa netiweki ya kampani, ndipo a kunja amangoona cipataco, osadziwa kuti mwadutsa nsanja makumi angati. Koposa apo, nsanja yakale sitaya timaphukusi timene tafika inu mutacoka kale. Imatithamangitsira ku nsanja yatsopano, monga mwana wotumidwa kuthamangira mlendo amene waiwala cipewa.

Izi zikutithandiza kumvetsa cinthu cimene ambiri amadandaula naco. Kanema wojambulidwa kale amapitirira bwino m'basi, pamene kuceza pa WhatsApp kumadukaduka pa malo omwewo. Cifukwa cake n'cakuti lamya imatapiratu kanemayo ndi kumsunga m'kankhokwe, ndipo netiweki ikasowa kwa masekondi ocepa imadya za m'nkhokwemo. Mau a munthu amene akulankhula nanu tsopano lino sangatapidwiretu, pakuti sananenedwe.

Mwina mwaonanso tizilembo ta pamwamba pa lamya tikusintha, kucoka pa 4G kupita pa H, kenaka pa E. Kumenekonso ndi kupatsirana, koma pakati pa mibadwo ya netiweki: 4G ikatha, lamya imatulidwa kwa 3G, ndipo iyo ikatha imatulidwa kwa GSM yakale ija, imene mau imawanyamula bwino koma intaneti imaikoka ngati ngolo ya ng'ombe. Mbadwo wacisanu, 5G, umene MTN inautsegula kuno mu November 2022, unayambira m'mizinda, ndipo wotuluka mu mzinda amatsika makwerero omwewa.

Pamene kulibe wolandira

Nzeru zonse tafotokozazi zimafuna cinthu cimodzi: kutsogolo kukhale nsanja yolandira. Kumene kulibe, palibe makina amene angathandize. Mafunde a lamya sapyola phiri, ndipo m'mapiri a ku Luangwa, kumene mseu umakhotakhota ndi kutsikira ku mlatho, nsanja ingakhale pafupi koma yobisika kuseri kwa citunda. M'midzi ya kutali ndi mseu waukulu nkhani ndi ya ndalama. Nsanja ya kumudzi imadya ndalama zambiri pomanga, imafuna magetsi a dzuwa kapena injini ya dizilo, imafuna njira yoti amisiri afikepo ngakhale m'dzinja, koma oitumikira ndi ocepa ndiponso osauka. Kampani ikangowerengera phindu lokha, mudzi wotere udzakhala womalizira nthawi zonse. N'cifukwa cake boma linalowapo, ndipo mu 2017 linayambitsa nchito yomanga nsanja 1,009, makamaka m'madera a kumidzi. Bungwe la ZICTA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2009, ndilo lili ndi udindo woyang'anira makampaniwa ndi kumva madandaulo a anthu, ndipo makhonsolo a maparishi a kumidzi angacite bwino kulemba malo enieni amene netiweki imasowa ndi kukawatula kumeneko ndi kwa aphungu ao, m'malo mongodandaula pansi pa mtengo Misa itatha.

Nsanja imene ilipo ingathenso kukhala ngati kulibe. M'cilala ca 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, nsanja zambiri zinadalira mabatire ndi dizilo, ndipo netiweki inafooka m'malo ambiri. Palinso anthu amene amaba mabatire, mafuta ndi nthambo za pa nsanja. Wakuba wotere aganiza kuti wabera kampani yolemera, koma amene wamdula ndi mai wapakati wofuna galimoto usiku, ndi banja loitana wansembe kuti adzadzoze wodwala. Nsanja imodzi ikazima pa mseu, unyolo wonse umaduka pamenepo, cifukwa ya kumbuyo ilibenso wompatsira wapaulendo. Tingakumbukire pano kuti mu 1951 Papa Pius XII anaika Gabriel Woyera, Mngelo Wamkulu, kukhala nkhoswe ya ogwira nchito za lamya ndi wailesi. Pakati pao pali anyamata ndi atsikana amene amakwera nsanjazi dzuwa likuswa mtengo, ndi alonda amene amazigonera.

Wapaulendo naye ali ndi zimene angacite. Kutumiza ndalama pa lamya ndi nchito yofuna kuti netiweki isaduke kufikira mapeto, motero ndi bwino kudikira basi iime pa Nyimba kapena pa Petauke kusiyana ndi kuyesa ili m'mapiri. Ndipo ngati netiweki yaduka muli pakati, musathamangire kutumizanso. Yambani mwaona ndalama zimene zatsala, cifukwa nthawi zina ndalama zapita kale, cangocedwa ndi uthenga wotsimikiza. Uthenga wolemba nawo uli ndi ubwino wake m'malo otere, pakuti umadikira ndi kukafika netiweki ikabwerera, pamene mau akagwa agwa.

Pa malire a dziko pali nkhani ina. Acewa a Kalonga Gawa Undi ali m'maiko atatu, Zambia, Malawi ndi Mozambique, ndipo mafunde a wailesi nawo sadziwa malire. Munthu wa kufupi ndi Mwami kapena Chanida angapeze kuti lamya yake yagwira nsanja ya tsidya lina iye ali pakhomo pake, ndipo ndalama zoimbira zatha msanga cifukwa akulipira ngati mlendo. Mankhwala ake ndi kulowa m'zosankha za lamya ndi kusankha netiweki ya kwanu ndi dzanja, m'malo molola lamya kudzisankhira. Kawirikawiri nsanja za maiko awiri sizipatsirana mau ali mkati: mau amaduka, ndipo lamya imakalembetsa mwatsopano m'buku la alendo la dziko linalo. Mtengo wa ulendo wotere si lamulo la cilengedwe, ndi cigamulo ca anthu. Mu 2006 Celtel inacotsa malipiro a mlendo pakati pa Kenya, Tanzania ndi Uganda, ndipo maiko a European Union anacita cimodzimodzi pakati pao mu June 2017.

Nsanja zoyenda

Kuyambira mu October 2023, pamene Starlink inayamba kugwira nchito m'dziko lathu, nkhaniyi yatembenuka mutu pansi. Sukulu kapena cipatala ca misyoni cimene caika mbale yake pa denga sicisuntha, koma nsanja ndizo zikuyenda. Ndi makina zikwi zambiri ozungulira dziko pa mtunda wa makilomita ngati 550 m'mwamba, aliwonse otsiriza ulendo wozungulira pa ola limodzi ndi theka kapena kuposerapo pang'ono. Amodzi amaoneka pamwamba pa mudzi kwa mphindi zocepa cabe, ndipo asanalowe kuseri kwa dziko ayenera kutula mbaleyo kwa anzao obwera pambuyo, usana ndi usiku. N'cifukwa cake oika mbalezi amafuna malo oona thambo lonse. Mbale ya kanema imene tinaizolowera imaloza malo amodzi, ndipo bola pamenepo pakhale poyera. Iyi imatsata makina odutsa mbali zosiyanasiyana za thambo, mwakuti nthambi imodzi ya mango yolendewera pa denga ingadule intaneti nthawi iliyonse imene makina a m'mwambawo adutsa kuseri kwake.